Alembi a nthano amene mabuku awo anasowa: ndani, ndipo tingawabweze bwanji m'manja mwa owerenga?

a Mbewe:
Anzanga, tikati titchule alembi a ku Malawi, pakamwa pamabwera msanga mayina a alakatuli, a Jack Mapanje, a Frank Chipasula. A nthano zazitali ndi nkhani zazifupi timachita kuwakumba. Ndiye tiyeni tiwakumbe. Aliyense atchule mlembi amene sakuwerengedwa mokwanira, buku lake, chaka, ndi chimene chili m'katimo. Kungoponya dzina ayi.

Ine ndiyamba ndi a Legson Kayira. Ambiri amawadziwa ndi I Will Try ya 1965, mbiri ya ulendo wawo wapansi kuchokera kumpoto kwa Nyasaland mpaka ku Khartoum pofuna maphunziro ku America. Bukulo linatchuka mpaka linaphimba nthano zawo zinayi: The Looming Shadow ya 1967, Jingala ya 1969, The Civil Servant ya 1971 ndi The Detainee ya 1974. Yokhwima kwambiri kwa ine ndi Jingala. Mkulu amene anali wokhometsa msonkho, mkazi anamwalira, mwana ndi mmodzi yekha, Gregory, ndipo mwanayo akufuna unsembe. Bambo akuona kuti mbumba yake ithera pomwepo. A Kayira sanamusandutse chitsiru bamboyo, ngakhale ndi wouma mutu komanso akudikira kukwatira kamtsikana. Umamukwiyira uku ukumumvera chisoni. Kulemba mpangankhani wotere ndi luso losowa.

Nachisale:
Zoona a Mbewe. Onjezani The Detainee. Munthu wamba wa kumudzi, dzina lake Napolo, anyamuka ulendo wokaonana ndi dokotala, n'kugwa m'manja mwa achinyamata a chipani m'dziko lolamulidwa mwankhanza. Buku lotere mu 1974 silikanagulitsidwa poyera kuno. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo a Sam Mpasu anakalowa kundende ya Mikuyu mu 1975 chifukwa cha nthano yawo Nobody's Friend. Choncho m'badwo wonse umene ukanawerenga mabukuwa ali atsopano sunawaone. Pofika 1994 zinthu zitamasuka, makope anali atatha kale kwa osindikiza ku London.

Wanga ndi a Aubrey Kachingwe, No Easy Task, 1966, mu African Writers Series, mndandanda wa mabuku a alembi a mu Africa wa kampani ya Heinemann. Mtolankhani wachinyamata, Jo Jozeni, mwana wa mbusa, akuonerera ndale za kumapeto kwa utsamunda ali m'chipinda cholembera nkhani. Mphamvu ya bukuli ndi yakuti silikuimbira m'manja aliyense. Omenyera ufulu nawonso akuoneka ndi nsanje zawo ndi mantha awo, ufuluwo usanabwere n'komwe.

a Gama:
Pepani akuluakulu, mwayambira pakati. Nthano yaitali ya kuno inayamba m'Chinyanja. A Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, anatulutsa Nthondo mu 1933 atapambana mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures. A Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934, mutu wake Man of Africa. Zaka zoposa 30 a Kayira ndi a Kachingwe asanatulutse kanthu.

Mudzati Nthondo ndi lodziwika chifukwa lakhala pa silabasi. Dzina ndi lodziwikadi, koma kawerengedwe kake n'ka mayeso: kuloweza ampangankhani, malo ndi nthawi, mfundo zazikulu, basi. Ndi angati amaima n'kuona mmene a Ntara akulukira mwambo m'kati mwa nkhani? Za kubadwa kwa mwana, za maliro, za milandu pabwalo, sakuzifotokoza ngati phunziro, zikuchitikira munthu amene tikumutsata kuyambira ali khanda mpaka imfa. Ndipo Nchowa ya 1949 ndi Msyamboza, amene anaziwerenga ndi owerengeka.

Pambuyo pawo a John Gwengwe, Sikusinja ndi Gwenembe komanso Kukula ndi Mwambo. Pa Sikusinja ndi Gwenembe anatenga nthano ya pamoto, ya mbale wopha mbale wake ndi mbalame youlula chinsinsi, n'kuitambasula kukhala buku osataya nyimbo yake. A E. W. Chafulumira nawonso, Kazitape ndi Mfumu Watsopano. Ndiye a m'zaka za m'ma 1980: a Willie Zingani ndi Njala Bwana komanso Madzi Akatayika, a Jolly Max Ntaba ndi Mtima Sukhuta komanso Ikakuona Litsiro Sikata. Awa ndi amene anabweretsa Chichewa cha m'tauni, cha pa depoti ndi m'maofesi, m'buku.

a Tembo a ku Chipata:
A Gama mwanena bwino, koma musaime pa Mchinji. Mabuku ambiri a Cinyanja a m'zaka za m'ma 1950 anatuluka kudzera ku ofesi imodzi ya mabuku ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland imene inali ku Lusaka, ndipo ankawerengedwa mbali zonse ziwiri. A Jacob Zulu ndi Zomfula Mkazi Wacimaso-maso ndi a m'gulu limenelo.

Koma amene ndikumuika patsogolo ndi a Julius Chongo. Kuyambira 1966 mpaka 1976 ankakamba nthano pa wailesi ya Zambia m'pulogalamu ya Poceza M'madzulo, munthu mmodzi kusintha mawu kukhala nkhalamba, mwana, kalulu, wapolisi. Nkhani ankazilemba yekha. Lilipo buku lawo la Fumbi Khoboo!, ndipo a Ernst Wendland anazilemba zina kuchokera pa matepi n'kuzisindikiza pamodzi ndi Chingerezi chake. Amene akufuna kuphunzira kagwiritsidwe ntchito ka mvekero, awerenge a Chongo. Liwu limodzi la mvekero limagwira ntchito ya ndime yonse.

a Nabanda:
Mndandanda wafika patali popanda mayi ndi mmodzi yemwe. Mayi Walije Gondwe, Love's Dilemma, 1985, mu Pacesetters ya Macmillan. Amatchulidwa ngati mayi woyamba wa ku Malawi kutulutsa nthano yaitali. Mayi Emily Mkamanga anthu amawadziwa ndi zolemba za m'nyuzipepala ndi Suffering in Silence, koma analembanso nthano, The Night Stop, ya 1990.

Ndiponso a Aubrey Kalitera. A Taste of Business ndi A Prisoner's Letter anatuluka ku Nairobi m'zaka za m'ma 1970, kenako anayamba kudzisindikizira okha pansi pa dzina la Power Pen Books, mabuku ngati Why Father Why ndi Mother Why Mother, n'kumagulitsa okha.

a Mbewe:
Mayi Nabanda, pa a Kalitera ndikayika pang'ono. Mabuku a Power Pen ali ndi zolakwika zambiri za kalembedwe, ndipo nkhani zina zimathamanga mopitirira. Tiwaike pamzere umodzi ndi Jingala?

a Nabanda:
Zolakwikazo ndi za kusowa mkonzi, bambo, si za kusowa luso. Onani mmene amatsekera mutu uliwonse, owerenga sangagone osatsegula wotsatira. Ndipo iwo anayankha funso limene ena onse analisiyira azungu a ku London: buku lifika bwanji kwa kalaliki wa ku Limbe ndi namwino wa ku Zomba? Mabuku a chikondi ndi a upandu ndi amene amaphunzitsa anthu chizolowezi chowerenga. Popanda owerenga amenewo, Jingala alibe womugula.

Nachisale:
Apa ndili mbali ya Mayi Nabanda. Ndionjezere atatu mwachangu. A James Ng'ombe, Sugarcane with Salt, 1989, dokotala wobwera kuchokera ku England n'kupeza banja la kwawo litasweka. A Ken Lipenga, Waiting for a Turn, 1981, nkhani zazifupi mu Malawian Writers Series ya Popular Publications. A David Rubadiri, amene ndakatulo zawo zinaphimba nthano yawo No Bride Price ya 1967.

Koma taonani chinthu ichi. Smouldering Charcoal ya a Paul Tiyambe Zeleza, ya 1992, aliyense wodutsa ku sekondale m'zaka zimene inali pa MSCE amamudziwa Mchere ndi Chola. Night of Darkness ya mlembi yemweyo, ya 1976, ndani akuidziwa? Mlembi ndi mmodzi, luso ndi lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti lina linali m'kalasi, lina linasowa.

a Mwale osindikiza:
Mayi Nachisale mwagunda pamene pali vuto. Alembiwa sanaiwalike chifukwa cholemba mofooka. Anaiwalika chifukwa mabuku awo sapezeka, ndipo fodya ndi uyu ali pamphuno. Munthu sangakonde buku limene sanaligwirepo.

Chifukwa chake ndi cha malonda. Msika wa mabuku kuno ndi wa sukulu. Wosindikiza amaika ndalama pa buku limene lavomerezedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, chifukwa akudziwa kuti masukulu agula. Nthano imene ili kunja kwa silabasi imasindikizidwa kamodzi, makope ochepa, ikatha yatha. Mapepala ndi inki zonse n'zoitanitsa kunja, kwacha ikagwa mtengo wosindikizanso umakwera kuposa zimene makope oyamba anabweretsa. Kunja nakonso African Writers Series inasiya kutulutsa mabuku atsopano kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo m'mabuku akale anapitiriza okhawo ogulidwa kwambiri.

Ndiye ngati gulu lino likufunadi kuti alembiwa adziwike, ntchito yake ndi kubweza buku limodzi pamsika. Limodzi kaye.

a Gama:
Tiyambire pa kulipeza. Malo oyamba ndi National Archives ku Zomba, chifukwa lamulo limati wosindikiza buku m'Malawi apereke kope kumeneko. Si onse anatsata, koma a Dzuka, a CLAIM ndi a Popular Publications ambiri alipo. Achiwiri ndi gawo la mabuku a za Malawi mu laibulale ya yunivesite ku Chirunga. Achitatu laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. M'malo onsewa buku losowa salola kutuluka nalo, mumawerengera pomwepo, ndiye pemphani chilolezo chojambula musanapite.

Musanyoze mavenda oyala mabuku m'mbali mwa msewu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndi makabati a m'masukulu akale a mishoni. Mukapeza kope, werengani manambala a masamba kuyambira loyamba mpaka lomaliza musanalipire. Mabuku a masitepulo amathothoka pakati penipeni, ndipo tsamba lapakati likachoka mwataya masamba anayi nthawi imodzi. A guluu amathothoka kumapeto. N'chifukwa chake pamafunika makope awiri oti muziyerekeza.

Amene muli ku Britain, WorldCat, kaundula wa pa intaneti wa mabuku a m'malaibulale, imakuuzani laibulale imene ili ndi bukulo, ndipo ku yunivesite ya SOAS ku London kuli mabuku ambiri a Chinyanja akale. Kufunika kokhala ndi makope m'malo angapo tinakuona mu December 2015 pamene laibulale ya Mzuzu University inapsa.

a Tembo a ku Chipata:
Tikalipeza, sitingangolijambula n'kuliponya pa WhatsApp? Anthu awerenge, nkhani yatha.

Nachisale:
Ayi bambo, pamenepo tikhala taba. Lamulo la umwini wa zolemba la Malawi la 2016 limateteza buku moyo wonse wa mlembi ndi zaka zina 50 atamwalira. Ku Britain ndi zaka 70. A Kayira anamwalira mu 2012, choncho kuno mabuku awo ndi otetezedwa mpaka 2062. Komanso PDF yoyenda pa WhatsApp imapha mwayi woti wosindikiza adzaikepo ndalama, ndipo banja la mlembi silipeza kanthu.

Njira yake ndi iyi. Choyamba tsegulani kuseri kwa tsamba la mutu, muone dzina limene lili pa chizindikiro cha umwini: la mlembi kapena la kampani. Mabuku ena akale a mishoni ndi a boma umwini unali wa osindikiza. Chachiwiri lemberani kampaniyo kapena amene anaigula. Mabuku a Longman ndi a Heinemann a maphunziro anapita m'manja mwa Pearson. Funsani funso limodzi lomveka: kodi ufulu wosindikiza unabwerera kwa mlembi? Makontirakiti ambiri ali ndi ndime yakuti buku likatha pamsika ndipo kampani sikufuna kulisindikizanso, mlembi kapena olowa m'malo mwake atha kuitanitsa ufuluwo polemba kalata. Mabanja ambiri sadziwa kuti ndimeyo ilipo. Chachitatu, COSOMA, bungwe loona za umwini wa zolemba m'Malawi, ingathandize kulondola mlembi kapena abale ake.

Pamene zimavuta kwambiri ndi kubanja. Mwana mmodzi asainira, mawa mlongo wake akana, kapena akuchimuna ndi akuchikazi sakumvana. Musasaine ndi amene wangoyankha foni. Funsani amene ali ndi makalata a khoti oyendetsera chuma cha masiye. Mgwirizano ulembedwe: zaka zingati, mayiko ati, la pepala lokha kapena la pa foni lomwe, ndi gawo la banja. Kawirikawiri gawo la mlembi limakhala cha m'ma 10 peresenti, koma lembani momveka ngati ndi ya mtengo wa pachikuto kapena ya ndalama zimene wosindikiza walandira, chifukwa ziwirizi zimasiyana kwambiri.

a Mwale osindikiza:
Chilolezo chikapezeka, kujambula. Sikani pa 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi), zilembo zikakhala zazing'ono kapena zofufutika 600 dpi, ndipo musankhe ya imvi osati yakuda ndi yoyera yokha, chifukwa pepala lachikasu limasanduka madontho. Buku lakale musalikanikize pagalasi, msana umathyoka. Bwino kuliika pa tebulo lotsegula pang'ono, foni pa choimikira, kuwala kochokera mbali ziwiri.

Zithunzizo si zosindikiza, n'zotengerapo mawu. Pulogalamu ya OCR, yotembenuza chithunzi cha tsamba kukhala mawu otaipa, pa Chichewa imalakwa m'malo odziwika: imameza kankhodolero ka ng' ndi m', "ng'ombe" n'kukhala "ngombe", ŵ imasanduka w kapena chizindikiro chachilendo, "rn" ndi "m" imazisokoneza, l ndi 1 chimodzimodzi. Zimitsani chokonza mawu chokha cha pa kompyuta, apo ayi chisintha mawu a Chichewa kukhala a Chingerezi inu osaona. Kabuku ka masamba 60 kapena 80 n'kwachangu kungokataipa pamanja. Kenako anthu awiri: wina awerenge mokweza buku lakale, kutchula ndi mipumiro yomwe, wina atsate pa zotaipazo. Munthu mmodzi payekha diso limadumpha mzere wonse pamene mizere iwiri yayamba ndi liwu lofanana.

a Gama:
Apa pali nkhani imene tiyenera kugwirizana: kalembedwe. Mabuku a chaka cha 1973 chisanafike ali ndi "cimanga", "nchito" kapena "ncito", "mabvuto", "pfupa". Malamulo a Chichewa Board a 1973, amene anaunikidwanso mu 1980 ndi 1990, anasintha zimenezi. Maganizo anga: sinthani kalembedwe ka zilembo kokha kuti mwana wa lero asapunthwe, koma liwu la mlembi musalikhudze. Ngati a Ntara analemba liwu limene lero silimveka, lisiyeni, tanthauzo liikeni kumapeto kwa buku. Akonzi ena amachotsa liwu lakale n'kuikapo lodziwika, ndipo akatero amafafaniza Chichewa cha ku Nkhoma cha m'ma 1930 chimene sitingachipezenso kwina. Zonse zimene mwasintha zilembedwe patsamba limodzi koyambirira.

a Tembo a ku Chipata:
Pa mabuku a ku Malawi ndavomera. Pa a Chongo ndi a Zulu ayi. Kuno timalembabe "c", ndiwo kalembedwe ka m'masukulu athu. Kuwaikira "ch" ndiye kuwasamutsa kwawo. Owerenga wa ku Lilongwe azolowera pofika tsamba lachitatu.

a Gama:
Ndamva, ndipo n'zoona. Buku litsate kalembedwe ka dziko la mlembi.

a Mwale osindikiza:
Tsopano kusindikiza. Saizi ya A5, mamilimita 148 ndi 210, ndi imene siwononga pepala pa makina ambiri kuno. M'kati pepala la 80 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala). La 70 limatsitsa mtengo koma zilembo za kuseri zimaonekera. Chikuto 250 kapena 300 gsm, chokutidwa ndi pulasitiki wopyapyala, ndipo chithunzi chipitirire mamilimita 3 mbali zonse kuti podula pasatsale mzere woyera. Pa makina a offset, akuluakulu ogwiritsa ntchito mapuleti, masamba awerengedwe m'magulu a 16: buku la masamba 150 mudzalipira ngati la 160, ndiye masamba otsalawo ikanipo mbiri ya mlembi ndi matanthauzo a mawu. Msana wa buku la masamba 160 pa 80 gsm umakhala pafupifupi mamilimita 8, koma funsani osindikiza muyeso wa pepala lawo musanajambule chikuto, apo ayi mutu umakhotera kutsogolo.

Kamangidwe: masamba osapitirira 64, masitepulo akwana. Kuposa apo, guluu, ndipo ngati bukulo likupita m'malaibulale a sukulu lipirani kuti alisoke ndi ulusi asanamate. Guluu wotchipa ndi kutentha kwa mu October sizigwirizana, masamba amayamba kugwa teremu isanathe. Onetsetsaninso kuti mzere wa ulusi wa m'pepala ukutsata msana. Ukapingasa, buku limakana kutseguka ndipo limapindika nthawi ya dzinja.

Kuchuluka: offset imayamba kupindula cha pa makope 500 kupita m'tsogolo, chifukwa mtengo wa mapuleti ndi umodzi kaya musindikize angati. Poyesa msika yambani ndi makina a digito, makope 100 kapena 200. Kope lililonse likwera mtengo, koma simutsala ndi makatoni odyedwa ndi chiswe. Musalole kuti ayambe onse musanaone kope limodzi lomalizidwa ndi kulisainira. ISBN, nambala yozindikiritsa buku, imatengedwa ku National Archives, ndipo buku losindikizidwanso ndi kampani ina limafuna nambala yatsopano, yakale siigwira.

Mtengo wogulitsira ukhale katatu kapena kanayi ka mtengo wosindikizira kope limodzi. Sitolo imatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, banja gawo lake, mayendedwe, ndi makope owonongeka. Amene amaika kawiri kokha amagulitsa onse n'kupeza kuti ndalama yosindikizanso palibe.

a Nabanda:
Ndipo kwa a kunja musatumize makatoni pa ndege. African Books Collective ku Oxford imagawa kale mabuku a Kachere, Mzuni Press ndi Luviri Press, ndipo imasindikiza kope munthu akaliitanitsa. Kugwirizana ndi wosindikiza amene ali kale m'njira imeneyo n'kosavuta kuposa kuyamba panokha.

Kuno kumudzi, buku lifike kaye kwa aphunzitsi a Chichewa ndi Chingerezi ndi ku makoleji a uphunzitsi. Makope 20 operekedwa kwa anthu amene aliwerengadi ndi kulikamba m'kalasi, pa wailesi kapena m'nyuzipepala ya Loweruka amagulitsa ambiri kuposa phwando lokhazikitsa buku ku hotela. Lowerengedwa ndi mawu nalonso liganizireni, mutu umodzi mphindi 15, koma ufulu wa zimenezo ulembedwe mu mgwirizano uja.

Tisaiwalenso amoyo, kuti zomwezi zisawachitikire. A Stanley Onjezani Kenani anafika pa mndandanda womaliza wa Caine Prize, mphoto ya nkhani zazifupi za mu Africa, kawiri, 2008 ndi 2012, koma For Honour and Other Stories simungalipeze mosavuta m'sitolo za kuno. A Shadreck Chikoti ndi Azotus the Kingdom chimodzimodzi. A Steve Chimombo anatisiya mu 2015, ndipo The Wrath of Napolo ya 2000 yayamba kale kusowa.

a Mbewe:
Ndiye tisankhe. Mtima wanga uli pa Jingala, koma kulemberana ndi London kutenga nthawi. Buku la Chichewa lalifupi, limene mlembi kapena banja lili konkuno, ndiye poyambira pabwino. A Gama, mwa a Gwengwe, a Zingani ndi a Ntaba, ndi liti limene lasowa kwambiri?

a Gama:
Tisaganizire, tifufuze. Ena mwa mabukuwa a Dzuka ndi a Montfort ku Balaka angakhale akadali nawo m'nkhokwe kapena akuwasindikizabe, ndipo ngati zili choncho ntchito yathu ndi kuwagula ndi kuwafalitsa, osati kusindikiza. Aliyense amene ali ndi kope la alembi atatuwa ajambule chikuto ndi kuseri kwa tsamba la mutu, pamene pali chaka, wosindikiza ndi mwini wake, atumize muno pamodzi ndi chiwerengero cha masamba. Tikaona zimenezo tidziwa kalata yoyamba ipita kwa ndani.

a Mwale osindikiza:
Potumiza onjezani muyeso wa bukulo ndi rula, m'litali ndi m'lifupi, ndiponso ngati muli zojambula m'kati. Zojambulazo nthawi zambiri zimakhala ndi mwini wake wosiyana ndi mlembi, ndipo zimafuna chilolezo chakechake.